Zenera Lotseguka Lokha la kwa a Muirhead

A Hector Muirhead anali kalipentala wa mazenera, ndipo ukawatchula kuti kalipentala basi, ankakusiya chiimire pamsewu. Zitseko sankakhudza, matebulo ayi, mabokosi a maliro ayi. Ntchito yawo inali ya mazenera amatabwa a m'nyumba zakale zosanja za kuno ku Partick, aja okankhira m'mwamba ndi kutsitsa, amene makolo athu anatisiyira pamodzi ndi chifuwa. Wina akawafunsa kuti bwanji osaphunzirako zina, ankamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kumuuza kuti dokotala wa maso sazula mano.

Ntchitoyi anaiyamba atangothawa sukulu, ndipo pofika pomera imvi anali ataisandutsa chipembedzo. Kubala akangomwa wachiwiri, ulaliki unkayambika.

"Inu mumangoona galasi," ankatero. "Koma m'kati mwa felemu, uku ndi uku, mumalendewera zitsulo zomangidwa ku chingwe, chingwecho n'kudutsa pa kagudumu pamwamba. Zitsulo zikalemera mofanana ndi zenera, ngakhale agogo amalikweza ndi chala chimodzi, n'kuima pamene alisiya. Zikapepuka, zenera limagwa n'kukudula zala. Zikalemeretsa, limakwera lokha. Nkhani yonse yagona pa sikelo."

Tonse a m'dera lino tinazidziwa zimenezi posafuna, ngakhale amene ankangolowa m'balamo kudzabisala mvula.

Chipembedzo chilichonse chimakhala ndi satana wake, ndipo wa a Hector anali pulasitiki. Kunabwera nyengo ina imene anthu anapenga nayo mazenera apulasitiki a magalasi awiri, n'kuyamba kuzula amatabwa, olimba bwinobwino, kumakataya kudzala. A Hector ankayenda mumsewu ngati akuchokera kumaliro. Chowawa kwambiri chinali chakuti wogulitsa pulasitikiyo m'dera lathu sanali mlendo ayi. Anali mlamu wawo weniweni, Des Kerrigan, mlongo wawo wa akazi awo a Netta, munthu amene kale ankagulitsa makapeti khomo ndi khomo ndipo sankadziwa kumene nyundo imagwiridwa. Des ananenepa, anagula galimoto yaitali, anayamba kuvala tcheni m'khosi. Akakumana ndi a Hector pamsewu ankatsitsa galasi la galimoto n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Alamu, chiswe chikuti bwanji lero?"

"Chili bwino, alamu. Chikuti mukadzafa chidzakana kukudyani, mwanunkha pulasitiki."

Koma dziko ndi lozungulira. Patapita zaka kunatulukira magalasi awiri opyapyala, omatidwa pamodzi, oti n'kulowa m'zenera lakale lamatabwa popanda kuliwononga. A Hector anayamba awanyoza kaye, monga mwa khalidwe lawo, kenako anawaphunzira mwakachetechete. Ankachotsa zenera, kukulitsa mpata wa galasi ndi tchizulo, kukhazika galasi latsopano, kumata, kenako kuliyeza pa sikelo, chifukwa magalasi awiri ndi olemera ndipo zitsulo zakale sizingawanyamule. Ankachotsa zitsulo zija n'kumangamo mtovu wolemera ndendende ndi zeneralo. Apa ndi pamene ambiri ankagwa napo, koma a Hector ayi. Dzina lawo linamveka mpaka kumayadi, ndipo anthu amene pulasitiki yawo inali itachita chikasu ngati mano a wosuta anayamba kuwapatsanso moni.

Komatu woumba mbiya amaphikira m'phale. Zenera la pabalaza pa a Hector eni ake, m'mwamba muja moyang'ana kumsewu, linali loipitsitsa mu Partick yense. Mphepo ikawomba linkalira ngati ngolo. Chingwe cha mbali imodzi chinaduka mwana wawo wamkazi ali ku pulayimale, ndipo pamene tikunena pano n'kuti mwanayo ali ndi ana ake ku Canada. Pofuna kuti liime, a Netta ankaliikira botolo la sosi. M'mipata ankatsekamo nyuzipepala, masokosi akutha, ngakhale chipewa chakale cha a Hector. Nyengo yozizira ankaonera kanema atavala chikhoti ndi magolovesi.

"A Hector, zenera ili."

"Sabata yamawa."

Mawu awiri amenewa anakhala nawo zaka zambiri kuposa mipando ya m'nyumbamo.

Anthu ankati ndi ulesi. Sunali ulesi, ndipo ine ndimakwiya ndikamva wina akutero. Chifukwa chake chinali mluzu.

Nyumba imeneyo ndi imene a Netta anabadwiramo. A Hector ali mnyamata wowonda ngati ndodo ya tsache, bambo a Netta sankafuna n'kumuona komwe pamasitepe awo, ati mnyamata wonunkha utuchi. Ndiye mnyamata uja ankaima pakona, pafupi ndi butchala, n'kuimba mluzu. Mluzu wake woipa, wopanda mutu wopanda mchira, woti agalu ankatembenuka. Netta akaumva ankakweza zenera n'kusuzumira, ndipo poopa bambo ake ankanamizira kukalipa: "Iwe, wagula mkaka?" ngati akulankhula ndi wantchito wa m'sitolo. Anakwatirana, akuluakulu anamwalira, nyumba inatsala m'manja mwawo, koma mwambo sunasinthe. Madzulo alionse a Hector akafika pakona paja ankaimba mluzu. M'mwamba zenera linkalira pokwera, botolo la sosi n'kulowa m'malo mwake, mutu wa a Netta n'kutuluka.

"Mwagula mkaka?"

"Ndaiwala."

"Mutu ngati thabwa."

Akamafika pamwamba, ketulo ili pamoto. Mkaka unkakhala ulimo kale m'nyumba, a Netta ankagula okha m'mawa.

Tsono a Hector ankadziwa chimene magalasi awiri amachita, poti anali atawaika m'nyumba zosawerengeka. Ukangotsitsa zenera lotero, msewu umafa. Basi imadutsa ngati chithunzi, ana akusewera pansi kukamwa kokha kumayasama. Eni nyumba ankasangalala nazo, koma a Hector mtima unkawawa, chifukwa ankadziwa kuti tsiku limene adzaike magalasi amenewo kwawo, mluzu wawo udzathera pakona. Kunena zimenezi kwa a Netta sakanatha. Mwamuna wa ku Partick atha kukuuza za matenda ake a m'mimba mwatsatanetsatane uku ukudya, koma zoti amakonda kuona nkhope ya mkazi wake pazenera, bola umudule mwendo.

Zinthu zinafika pa mwana wakana phala chaka chimene a Netta anadwala chifuwa chosamva mankhwala. Atachira anawonda, ndipo mtima wawo unafupika. Tsiku lina a Hector pobwera kuntchito anapeza galimoto yaitali ili pakhomo. Atalowa pabalaza anaona Des ali pazenera, tepi yoyezera ili m'manja, m'kamwa muli sikono ya a Netta.

"Alamu, mwabwera bwino," anatero Des. "Tandigwirireni tepi uko."

"Mukuyeza chiyani m'nyumba mwanga?"

"Bokosi la maliro la zenera lanuli. Mlongo wanga wandiitana. Akuti watopa kugona m'firiji."

A Hector anayang'ana a Netta. A Netta anapinda manja pachifuwa.

"Musandiyang'ane choncho. Ndapirira, ndatopa. Chisanu choyamba chikagwa zenera ili lili chomwechi, Des abwera ndi anyamata ake, aika pulasitiki. Ndanena ndanena."

"Pulasitiki? Pakhomo pa Muirhead? Pamene msewu wonse ukuona?"

"Ndiika yoyera mbee," anatero Des uku akunyambita zala. "Ndi kachikwangwani ka dzina langa pansi pake, kuti odutsa adziwe amene anapulumutsa banja lino."

A Hector anagwira njakata. Uku manyazi oti sakanathanso kulowa nawo m'bala, uku mluzu. Ndipo pulasitiki ya Des nayo inali ya magalasi awiri, kotero kulikonse kumene akanathawira msewu unali wakufa basi. Anaona kuti ngati mluzu ukufa, bola ufere m'manja mwawo.

Anagwira ntchito imeneyo ngati akukonza zenera la tchalitchi. Anachotsa mazenera onse awiri, lapamwamba ndi lapansi, n'kupita nawo ku shedi yawo. Anapala utoto wa mibadwo itatu mpaka thabwa linaonekera, lofiirira, lonunkhira ngati lacheka dzulo. Pamene panawola anadulapo n'kulumikiza lina mwakuti ngakhale ndi chala sukanamva polumikizira. Anaika magalasi, anagula zingwe zatsopano, anathira mafuta timagudumu. Mtovu anauyeza mobwerezabwereza, kuchotsa pang'ono, kuyezanso. Pomangirira, a Netta anakhala pampando chapafupi akuluka juzi, maso ali pa manja a amuna awo. Anaona mmene amamasulira kathabwa ka m'mbali kuti zenera litsegukire m'kati, ndi mmene amatsegulira kachitseko kakang'ono ka m'felemu, kamene akalipentala amati thumba, kolowera kumene kumalendewera mtovu.

"Simunandionepo ndikugwira ntchito?" anafunsa a Hector.

"M'nyumba muno ayi. Ndikufuna ndidzawafotokozere adzukulu."

Atamaliza anawaitana kuti ayese. A Netta anakankha ndi chala chimodzi, zenera linakwera mwakachetechete n'kuima. Anatsitsa, msewu unafa. Pabalaza panayamba kufunda, ndipo kwa nthawi yoyamba anamva wotchi ya pakhoma ikugunda. A Netta anavula chikhoti, anatenga botolo la sosi n'kukalibwezera kukhitchini.

"Mwaona? Sizinakupheni," anatero.

Mawa lake madzulo a Hector anafika pakona n'kuimba mluzu. M'mwamba munali zii. Anaimbanso mokweza, mpaka wa m'butchala anasuzumira kufunsa ngati galu wawo wasowa. Anakwera masitepe pang'onopang'ono, ndipo anapeza a Netta akuwodzera pampando, ketulo ili yozizira.

"Mwalowa bwanji ngati mbala? Mwandidzidzimutsa."

"Ndalowera pakhomo ngati masiku onse."

Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Kenako a Hector analeka kuimba. Ankadutsa pakona paja mutu uli pansi, osayang'ananso m'mwamba. Kunyumba ankadya mwakachetechete, ndipo kubala analeka kulalikira, mwakuti ena anayamba kufunsana ngati akudwala. A Netta nawo anasanduka ena. M'nyumba munali mofunda, chifuwa chinatheratu, koma ankangoyendayenda pabalaza, kuyang'ana wotchi, kukalipira kanema. Ankati akaima pazenera n'kuona mayi Devlin a tsidya lina la msewu akukangana ndi wa positi, osamva ngakhale liwu limodzi, ankachita kukukuta mano. Koma kukweza zenera lija ndi manja awo m'nyengo yozizira sakanatha, atadandaula za mphepo moyo wawo wonse wa m'banja. Nawonso anali a ku Partick.

Patapita milungu ingapo, a Hector akubwera madzulo anakweza maso mwangozi, n'kuona zenera lawo lili chitsegukire, mpata wolowa dzanja. Anaima. Milomo inachita yokha zimene inazolowera, ndipo mluzu usanathe n'komwe mutu wa a Netta unali kunja.

"Mwagula mkaka?"

"Ndaiwala."

"Mutu ngati thabwa. Bwerani mudzaone zimene zenera lanu lotchukali likuchita."

Anakwera masitepe ngati mnyamata, koma chimwemwe chinathera pakhomo. A Netta anatsitsa zenera pamaso pawo n'kuchotsa dzanja. Linakhala kaye phee, kenako linayamba kukwera lokha, pang'onopang'ono, mopanda manyazi, n'kukaima pamene linafuna.

"Mwalikhoma ndi loko wake?" anafunsa a Hector.

"Ndi zala zanga za nyamakazizi? Usiku ndimayesetsa, koma usana wonse ndizilimbana ndi loko? Si inu munkati zenera labwino limaima pamene walisiya?"

A Hector analitsitsa, linakwera. Analitsitsanso, linakweranso. Zenera lokwera lokha tanthauzo lake ndi limodzi basi, mtovu walemeretsa, ndipo amene anayeza mtovuwo anali iwo. Munthu amene anadzudzula akalipentala a mzinda wonse chifukwa cha sikelo, lero walakwitsa sikelo m'nyumba mwake. Anafuna kumasula pomwepo kuti aone, koma a Netta anati tiyi wapsa, ndipo sakufuna utuchi pa kapeti. Anamwa tiyiyo ndi sikono, ndipo sikonoyo inali yolimba mwakuti anachita kuiviika kawiri.

Kunena zoona, masikono a a Netta anali atasokonekera masiku amenewo. Mayi amene ankapambana pa mpikisano wa ku tchalitchi chaka ndi chaka tsopano ankatulutsa lero zolimba ngati njerwa, mawa zophwanyika ngati mchenga. A Hector atafunsa, anayankhidwa kuti ufa wa masiku ano ndi wachabechabe, ndipo amene sakufuna asiye.

Masiku anapita a Hector osamasula zenera lija. Lero ati atopa, mawa ati tchizulo aiwala ku shedi. Zoona zake n'zakuti madzulo alionse mluzu unkayankhidwa, ndipo mtima wawo unagawanika pakati: kalipentala ankafuna kudziwa pamene analakwitsa, mwamuna wa Netta ankati zisiye. Koma msewu uli ndi maso. Mayi Devlin anaona zenera likukwera popanda munthu n'kuuza wa m'butchala kuti kwa a Muirhead kuli mzukwa wa bambo a Netta, wabwera kudzaona ngati mnyamata wa utuchi uja anachoka. Wa m'butchala anauza bala yonse. A Hector akalowa, anyamata ankakweza matambula awo pang'onopang'ono kuchoka patebulo, osalankhula kanthu. Mayi wina wa kumayadi amene anawaitana kuti akaone mazenera ake anaimba foni kuti aganize kaye. Dzina limene analimanga moyo wonse linayamba kugwedera.

Nkhani itafika kwa Des, sanadikire kuitanidwa. Anabwera Lamlungu masana, atavala suti, tepi ili m'thumba.

"Alamu, ndamva kuti mwapanga zenera la magetsi. Ndabwera kudzaphunzira."

"Khalani pansi mudye, alamu. Pakamwa pakakhala chakudya pamapuma."

"Ndidya. Koma choyamba ndione chozizwitsa."

Anapita pazenera, analitsitsa ndi chala, n'kubwerera m'mbuyo manja ali m'thumba. Zenera linakwera. Des anaseka mpaka anakhala pa mkono wa mpando, tcheni ikugwedezeka pamimba.

"Netta, mlongo wanga, unakwatiwa ndi wamatsenga. Pulasitiki yanga ili ndi zolakwa zake, koma sinayambe yadzuka yokha kukapuma mpweya. Alamu, tsegulani m'mimbamo tione. Kapena mukuopa?"

"Des, siya zimenezo, chakudya chizizira," anatero a Netta mofulumira.

"Ayi, atsegule. Munthu uyu wanditukwana zaka zonsezi chifukwa cha sikelo. Lero ndione sikelo yake."

Apa a Hector magazi anawira. Anakatenga sikuludiraiva m'thumba la jekete, anamasula kathabwa ka m'mbali, zenera analitsegulira m'kati, n'kugwada pa felemu. Mumtima ankati mwina chingwe chakodwa penapake, mwina wogulitsa mtovu anawasinthira, chilichonse choti amutseke nacho pakamwa mlamu wawoyo. Anatsegula thumba la m'felemu lija n'kulowetsa dzanja mumdimamo. Anagwira mtovu, unali bwinobwino. Anakweza dzanja pang'ono n'kugwira chinthu chofewa.

Anachikokera pafupi ndi pakamwa pa thumba, thupi lawo litatchinga. Inali sokosi yawo, ya buluu, imene inasowa mwezi wathawo n'kunamiziridwa makina ochapira. Inali yomangidwa ku chingwe ndi ulusi wolukira juzi, mfundo yake yooneka bwino, ya munthu wodziwa kuluka. M'kati mwake munali zinthu zolemera, zozungulira. Anapanikiza ndi chala ndipo pa chibowo cha chidendene panasuzumira mkuwa. Inali miyala ya sikelo ya kukhitchini, ija a Netta ankayezera ufa ndi shuga. Sanafunikire kutsegula mbali inayo kuti adziwe kumene sokosi inzake inapita.

Anatembenuza mutu pang'ono. A Netta anali chiimire pakhomo la kukhitchini, mbale ya mbatata ili m'manja, nkhope ili psuu mpaka m'makutu, maso ali kudenga ngati kumeneko kwalembedwa nkhani yofunika. Mayi amene sanaopepo wansembe kapena dokotala, lero ankalephera kuyang'ana amuna awo m'maso.

A Hector anagwidwa ndi chimwemwe chosakanikirana ndi chisoni. Anangotsala pang'ono kuseka, anangotsala pang'ono kulira. Dzina lawo linali m'dzanja lawo, m'sokosi. Akanangoikoka n'kuiika patebulo, Des akanatseka pakamwa mpaka Khirisimasi, bala yonse ikanadziwa kuti sikelo ya Muirhead sinaname. Koma bala yomweyo ikanadziwanso kuti Netta Muirhead, wa pakamwa ngati lumo, anagwada pansi ndi zala za nyamakazi kumangirira miyala m'sokosi kuti amve mluzu wa nkhalamba yake. Des akanaiimba nyimbo imeneyo pa ukwati uliwonse ndi pa maliro alionse.

"Mwapezamo chiyani, alamu?" anafunsa Des akusuzumira paphewa. "Khoswe?"

A Hector anakankhira sokosi ija m'kati, anatseka thumba, n'kuyamba kumanga sikuluwu.

"Mulibe kanthu. Ndinalakwitsa poyeza."

Des anaika dzanja kukhutu.

"Mwati bwanji? Khutu langali limavuta."

"Ndati ndinalakwitsa poyeza mtovu. Walemeretsa."

"Netta, wamva? Ukhale mboni. Hector Muirhead walakwitsa sikelo." Des anatulutsa mpango n'kupukuta m'maso. "Ambuye, mwandisunga kuti ndione tsiku la lero. Ndiye mukonza liti, bwana mmisiri?"

"Mtovu wa saizi imeneyi ukusowa masiku ano."

"Ndibwere ndi pulasitiki?"

"Ukhudze zenera limenelo uone," anatero a Netta, mawu atabwerera mwadzidzidzi. Anaika mbale patebulo mwamphamvu. "Amuna anga alakwitsa kamodzi moyo wawo wonse. Iwe unalakwika tsiku lobadwa. Khala pansi udye."

Des anadya mothamanga, osadikira n'zotsekemera zomwe, chifukwa nkhani inkamuyabwa ndipo bala inali yotsegula. Atatuluka, awiriwo anatsala patebulo. A Netta ankasonkhanitsa mbale mosayang'ana amuna awo. A Hector ankayang'ana zenera, limene linali litakwera kale, mphepo yozizira ikugwedeza katani. Palibe amene ananena kanthu za sokosi, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Manyazi anabwera monga anayembekezera. Kubala anawapatsa dzina loti a Sikelo, ndipo linawakakamira mpaka anapuma pantchito. Ulaliki uja unatheratu, poti akangoyamba kuti "nkhani yonse yagona," bala yonse inkamalizitsa. Makasitomala ena anathawa, ena anabwerera. A Hector ankangomwetulira n'kumwa mowa wawo, ndipo anthu ankadabwa kuti munthu wonyada chotere manyazi akumunenepetsa bwanji.

Lolemba lotsatira Lamlungu lija anaweruka msanga n'kudzera ku sitolo ya katundu wakale. Pofika pakona anali ndi kaphukusi kolemera m'thumba la jekete. Anaimba mluzu wawo woipa uja, ndipo mutu unatuluka m'mwamba.

"Mwagula mkaka?"

"Ndaiwala."

"Mutu ngati thabwa."

Atafika pamwamba anapeza ketulo ikuwira. Anapita kukhitchini, anamasula kaphukusi kaja, n'kundandalika miyala ya mkuwa pambali pa sikelo, kuyambira waukulu mpaka waung'ono.

"Ndaipeza yotchipa," anatero. "Mano anga atsala ochepa, sangalimbane ndi ufa wa masiku ano."

A Netta anaiyang'ana miyala ija nthawi yaitali. Anatola waung'ono kwambiri, anaupukuta ndi epuloni, n'kuubwezera pamalo pake. Kenako ananyamula tiyi kupita naye pabalaza, anavala chikhoti chawo chakale chija, n'kukhala pampando wa pafupi ndi zenera. Pansi basi inkadutsa ndi phokoso lake lonse, ndipo mayi Devlin ankamveka bwinobwino akukalipira mwana wa eni ake.

"A Hector, zenera ili likulowetsa mphepo."

"Sabata yamawa."

"Musadzivutitse kuthamanga," anatero a Netta, n'kuwathirira tiyi.